Kuona Maso a Nkhono

Nkhono ikamva kugunda kwa phazi imabweza tinyanga take. Aliyense amene anakulira kumene kumagwa mvula ya Januwale amadziwa zimenezi. Umaipeza ikukwawa pa thunthu la nthochi, tinyanga titatambasuka, kunsonga kwake kuli timadontho takuda, ndiye ukangosendeza chala, zonse lowu! Ukaigogoda kuti ituluke imaloweratu m'chigoba. Njira yake ndi imodzi basi: kukhala pansi, manja pa maondo, maso pomwepo. Akuluakulu anaziona zimenezi n'kutisiyira mawu akuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwambiwu ndinaumva kambirimbiri ndili mwana, makamaka ndikamazungulira pamoto nsima isanapse, koma kumene unandilowa m'mafupa ndi kutali kwambiri ndi nthochi za kwathu. Munali m'kachipinda konunkha utoto mumzinda wa Takasaki ku Japan, burashi ili m'manja, ndikuyang'anizana ndi chidole chofiira chopanda maso.

Takasaki ali m'chigawo cha Gunma, makilomita pafupifupi 100 kumpoto chakumadzulo kwa Tokyo, ulendo wosakwana ola limodzi pa sitima yothamanga ya Shinkansen. Ndinapitako mu Disembala, ndili pa maphunziro a miyezi ingapo m'dzikomo, ataniitana mnzanga wachijapani amene makolo ake amakhala chakomweko. Chimene chinandilonjera pa siteshoni ndi mphepo. Eni ake amaitcha karakkaze. Imatsika m'mapiri nyengo yachisanu itasiya chinyontho chake chonse kuseri kwa mapiriwo, ndiye imafika youma, yozizira, yong'amba milomo. Mnzangayo anati ndisaitukwane, pakuti ndi mphepo imeneyi imene yalera mabanja ambiri kumeneko. Ndiyo imaumitsa mapepala ndi utoto wa zidole zotchedwa daruma, ndipo pa madaruma 10 alionse opangidwa ku Japan, pafupifupi 8 amachokera mumzindawu.

Tinalowa pa nyumba ina m'dera la Toyooka, kumene kuli mabanja ambiri a ntchitoyi. Kunja sikunkaoneka zachilendo, koma titangotsegula chitseko ndinaima nji. M'mathandala monse, kuyambira pansi mpaka kudenga, munali nkhope. Zina zazing'ono ngati dzira, zina ngati dzungu, zina zoti mwana wa zaka zitatu angabisale kumbuyo kwake. Zonse zofiira piriwiri, zonse za nsidze zolimba ndi ndevu zakuda, pakamwa potseka zolimba ngati munthu amene walumbira kuti sanena kanthu. Ndipo zonse, mazanamazana, pamalo pa maso panali mabwalo awiri oyera mbee, opanda mwanadiso. Chinthu chopanda maso sichingakuyang'ane, komabe ndinakonza kolala ya jekete langa ngati ndalowa pabwalo la milandu.

Mwini malowo anali mayi wachikulire, wamfupi, zala zawo zitaderatu ndi inki. Mnzanga ankawatchula kuti Sensei, ndiye kuti mphunzitsi, ndipo ndi iye amene ankanditanthauzira zonse. Mayiwo asanatipatse burashi anayamba atiuza mwini nkhopeyo.

Daruma ndi mmene Ajapani amatchulira dzina la Bodhidharma, mmonke wachibuda amene anafika ku China cha m'zaka za m'ma 400 kapena 500, ndipo amamuyesa tate wa chiphunzitso chimene ku China amachitcha Chan, ku Japan Zen. Nthano imati anakakhala m'phanga pafupi ndi kachisi wa Shaolin n'kuyang'ana khoma zaka 9, osatembenuka, mpaka miyendo ndi mikono zinafota. N'chifukwa chake chidolecho chilibe mwendo kapena mkono. Nthano yomweyo imati tsiku lina tulo tinamuba, ndipo atadzidzimuka anadzikwiyira kwambiri moti anadula zikope zake n'kuzitaya pansi, pomwe zinagwerapo n'kumera tiyi. Izi ndi nthano, ndipo mayiwo anazisimba ngati nthano. Koma mawu akuti khoma anandikhala pamtima ngati fupa la nsomba pakhosi. Chifukwa chake ndinena ndikafika pa diso.

Kenako anatenga daruma mmodzi wosapaka, wotuwa, n'kundipatsa kuti ndimunyamule. Anali wopepuka modabwitsa. Kale, anatero, ankamata mapepala onyowa pa chikombole cha mtengo, n'kuyanika, kenako n'kucheka kumsana ndi mpeni kuti chikombolecho chituluke, n'kumatanso pochekedwapo. Masiku ano ambiri amasungunula mapepala akale kukhala phala, makina n'kulikoka phalalo kuti limamatire m'chikombole. Akaumitsa amapaka choyera, chimene mwa makolo awo chimakhala ufa wa zigoba za nkhono za m'nyanja wosakaniza ndi guluu, amautcha gofun. Pamwamba pake ndi pamene pamabwera chofiira. Nkhope yokha ndiyo amaijambulabe ndi dzanja, imodziimodzi.

Anaika chidolecho pa tebulo n'kuchikankha ndi chala. Chinagwa chagada, n'kudzadzira uku ndi uku, n'kuimanso chilili. Anachikankhanso, chinadzukanso. Mnzanga anamwetulira n'kunena mwambi umene mwana aliyense wa ku Japan amaudziwa, nanakorobi yaoki: kugwa kasanu ndi kawiri, kudzuka kasanu ndi katatu. Ine mumtima ndinamva mawu a agogo anga akuti dzedzeredzedzere salingana n'kugweratu. Mayiwo anatembenuza chidolecho n'kundionetsa kunsi kwake. Kunali kachimbale ka dongo louma, kolemera, komatidwa pa pepalalo. Amakatcha hetta. Thupi lonse ndi pepala, m'kati muli mphepo yokhayokha, ndipo chimene chimadzutsa daruma ndi kadongo kameneka, kamene palibe amakaona, kamene palibe amakapaka golide. Kachotseni, chidolecho chidzagubuduzika ngati chipanda chakale n'kukatsamira pomwe chakatsamira.

Ndinaligwiragwira dongolo nthawi yaitali. Timakonda kuganiza kuti munthu amadzuka chifukwa chopepukidwa mtima, chifukwa choiwala zimene zinamugwetsa. Koma anthu amene ndawaona akudzukadi, mayi wamasiye wobwerera kumunda mwezi umodzi maliro atatha, bambo wotsegulanso okala yake akuba atamusesa, onsewa anali ndi china cholemera chimene chinakhala pansi pa mtima wawo: ana oti adye, dzina loti lisanyozeke, lonjezo limene ananena pamaso pa munthu wina. Katundu akakhala pamutu amakugwetsa, koma yemweyo akatsikira pansi penipeni amakuimika.

Chidolechi chinabadwira m'mavuto, ndipo ndikuona kuti amene amachigula ngati chokongoletsera pabalaza amaphonya mbali imeneyi. Mu 1783 phiri la Asama, limene limaoneka kuchokera m'chigawochi, linaphulika. Phulusa linakwirira minda, ndipo izi zinachitika dziko lili kale m'njala yaikulu ya m'zaka za m'ma 1780, imene mbiri imaitcha njala ya Tenmei. Kachisi wa Shorinzan Daruma-ji, amene anakhazikitsidwa mu 1697 pa kaphiri ka ku Takasaki, amasimba kuti wansembe wake wachisanu ndi chinayi, Tōgaku, anasema chikombole cha mtengo n'kuphunzitsa alimi a m'midzi yozungulira kupanga zidole za mapepala kuti azigulitsa pa chikondwerero cha pakachisipo. Ena amatchula Yamagata Tomogorō wa ku Toyooka kuti ndiye anaiyamba ntchitoyi. Nkhani zonse ziwirizi zimakumana pamodzi: inali ntchito ya alimi m'miyezi imene munda sugwirika, kuti pakhomo papezeke kobiri. Manja amene anayamba kuumba chidole cha mwayi anali manja a anthu odziwa kugona ndi njala.

Ogula ake oyamba nawonso sanali opeza bwino. Gunma ndi dziko la silika. Fakitale ya Tomioka, imene boma linatsegula mu 1872 ndipo inalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2014, ili m'chigawo chomwechi. Mabanja ankaweta mbozi za silika m'nyumba zawo, kuzidyetsa masamba a mabulosi usiku ndi usana. Mboziyi isanafundule imangoti duu, osadya, osayenda, ngati yagona, ndipo ikafundula alimi amati yadzuka. Imachita zimenezi kanayi isanadzikulunge mu ulusi wake. Ikapanda kudzuka, chaka chonse chapita m'madzi. Ndiye chidole chimene sichilephera kudzuka chinakhala mnzawo wa alimiwa. Chofiiracho nachonso chili ndi misozi yake. Ena amati ndi mtundu wa mkanjo wa mmonkeyo, koma kale, m'nthawi imene Ajapani amaitcha ya Edo, anthu ankakhulupiriranso kuti chofiira chimateteza ku nthomba, ndipo mwana akadwala ankamuikira zinthu zofiira kumutu kwa mphasa yake. Nthomba inkapha ana ambiri, ndipo ena opulumuka inkawasiya akhungu. Nditamva zimenezi, maso oyera aja ndinawayang'ana mwa mtundu wina.

Tsopano inakwana nthawi yathu. Anatipatsa aliyense daruma wamkulu ngati papaya wapakati, wopakidwa kale chofiira, nkhope yake ili yosalala, mphuno ndi pakamwa zili kale, kungotsala nsidze ndi ndevu. Apa ndi pamene pali luso la Takasaki. Nsidze amazijambula kuti zioneke ngati tsuru, mbalame yaitali miyendo ndi khosi yonga kakowa wamkulu, ndipo ndevu amazijambula ngati kamba. Kwawoko amati tsuru amakhala zaka 1,000, kamba zaka 10,000, ndiye nkhope imodziyo yanyamula madalitso awiri a moyo wautali. Mayiwo anaviika burashi mu inki, n'kuipukuta pang'ono m'mphepete mwa kambale, n'kuyamba. Dzanja lawo silinkaoneka kuthamanga, koma ndisanameze malovu nsidze yatha. Mzere uliwonse unkayamba wonenepa n'kukathera wosongoka ngati nthenga, ndipo mizere yonse pamodzi inali mbalame yotambasula phiko.

Anandipatsa pepala loyeserapo. Mzere woyamba unatuluka ngati nyongolotsi yopondedwa. Wachiwiri inki inadontha. Ndinayamba kufulumira, kuganiza kuti popeza dzanja lawo linatha msanga, chinsinsi chake ndi liwiro. Pepala linadzaza ndi mabala akuda. Mayiwo anaima kumbuyo kwanga osanena kanthu kwa kanthawi, kenako analankhula motsitsa mawu, mnzanga n'kutanthauzira.

"Akufunsa kuti mukuthamangira kuti."

Ndinati ndikuopa kuti dzanja linjenjemera ndikachedwa.

"Akuti likunjenjemera chifukwa mwagwira mpweya. Akuti muyang'ane kaye pomwe mzerewo ukathere. Mukapaona, tulutsani mpweya, dzanja litsatira lokha."

Anagwira dzanja langa ndi lawo, lozizira, lokhakhala, n'kuliyendetsa kamodzi. Ndinamva m'mene ankakanikizira poyamba n'kumanyamula burashiyo pang'onopang'ono mpaka nsonga yokha itatsala ikukhudza pepala. Ndinamvanso china chimene maso anga sanachione poyamba paja: asanayambe mzere uliwonse ankaima kaye, kanthawi kochepa ngati kuphethira, burashi ili m'malere. Liwiro lonse lija linkachokera m'kuima kumeneko. Mnzanga anandiuza kuti mayiwo anayamba ntchitoyi atangokwatiwa pabanjapo, ndipo panapita zaka apongozi awo asanawalole kukhudza nkhope ya daruma wogulitsa. Ankapaka chofiira, ankanyamula, ankayanika, ankayesera pa nyuzipepala zakale usiku ana atagona.

Ndinadzaza mapepala ena awiri. Kenako ndinatenga daruma wanga, ndinamukhazika pa ntchafu monga anandionetsera, ndinayang'ana pomwe mzere ukathere, ndinatulutsa mpweya. Nsidze yakumanja inatuluka bwino ndithu. Yakumanzere inakwera pang'ono, moti nkhopeyo inaoneka ngati ya munthu amene wamva nkhani koma sanaikhulupirire yonse. Ndinafuna kukonza, mayiwo anagwira mkono wanga. Inki ikakhala pa utoto yakhala, ukabwerezapo umangowonjezera chilonda. Madzi akatayika saoleka. Anaiyang'ana nkhopeyo atapendeketsa mutu, n'kunena kuti daruma aliyense amafanana ndi amene wamujambula. Pamimba analembapo okha ndi utoto wagolide zilembo zowerengedwa kuti fukuiri, kutanthauza kuti mwalowa mwayi, poti zilembo zimenezo dzanja langa silikanazitha.

Kunatsala maso.

Mwambo wake ndi wotere. Ukagula daruma umasankha chinthu chimodzi chimene mtima wako ukufunitsitsa, n'kujambula mwanadiso m'diso lake lakumanzere, limene kwa iwe womuyang'ana lili kudzanja lamanja. Linalo umalisiya loyera. Umamuika pamalo poti uzimuona tsiku ndi tsiku, ndipo chinthucho chikatheka umajambula diso lachiwiri. Ana asukulu amatero poyembekezera mayeso, amalonda potsegula sitolo, ndipo pa nthawi ya zisankho andale a ku Japan amaoneka pa wailesi ya kanema atanyamula burashi yaikulu, akudzaza diso la daruma wamkulu mavoti atawakomera. Mayiwo anati sindikukakamizidwa kujambula pompo, ndikhoza kukachitira kunyumba. Anatinso chimene ndasankha ndisawauze.

Ndiyenera kunena poyera kuti apa mtima wanga unagawanika. Ndinakulira m'nyumba ya mapemphero, momwe mwana akapezeka ndi kachingwe m'chiuno pankakhala mlandu. Funso linabwera lokha: kodi ichi si chithumwa? Sindingawanamizire eni ake kuti kwa iwo ndi chidole chabe. Amachitcha engimono, chinthu chobweretsa mwayi, ambiri amachigula pakachisi, ena amapempha wansembe kuti awayambire dontho loyamba la disolo, ndipo ena amachiika pa kaguwa ka m'nyumba. Zimenezo ndi zawo ndipo ndimazilemekeza. Koma nditakhala chete ndi burashi ija ndinaona kusiyana kumodzi kumene kunandikhazika mtima pansi. Chithumwa umabisa m'thumba kuti chikugwirire ntchito iwe uli phee. Daruma umamuika poyera, alibe manja oti akugwirire kanthu, alibe miyendo yoti akupitire kulikonse. Chimene angathe ndi kukuyang'ana ndi diso limodzi, linalo likukumbutsa kuti pali ngongole. Kwa ine anafanana ndi mfundo imene amayi amamanga pa ngodya ya chitenje kuti asaiwale chimene apitira kumsika.

Ngongole yanga ndinkaidziwa, ndipo inali ya khoma. Nditangoyamba ntchito ndinawauza amayi kuti ndiwamangira nyumba ya malata. Ndinanena pagulu, pa chinkhoswe cha mlongo wanga, anthu n'kululutira. Tinaumba njerwa, tinaotcha uvuni, mmisiri anamanga mpaka pa lintala. Kenako ntchito inatha, kenako kunabwera matenda pabanja, kenako fizi ya ana a malemu achimwene. Zipupazo zinakhala zaka 6 zopanda denga. M'chipinda chimene chinayenera kukhala cha amayi munamera chisoso, mbuzi zinkausamo, mawindo ali yasa opanda felemu. Ntchito ina ndinaipeza, koma kumudzi ndinayamba kupitako mwa apo ndi apo, ndipo ndikapita ndinkafika kutada n'kunyamuka mbandakucha, kuti ndisazione zipupazo dzuwa likuwala. Anthu akafunsa ndinkayankha kuti zinthu zimafuna kudekha. Mwambi wa nkhono womwewu ndinkautchula ndithu, mwaulemu, ngati munthu wanzeru.

Pa mpando uja ku Toyooka ndinazindikira kuti mwambiwo ndinkaunamizira. Wofuna kuona maso a nkhono sanyamuka kupita kwina n'kumati abwerako ikatulutsa. Akatero aipeza yapita, kapena yabweza kale. Amakhala pomwepo, pafupi, akuiyang'ana, udzudzu ukumuluma, miyendo ikuchita dzanzi. Kudekha kwa mwambiwu kuli ndi maso otsegula. Chimene ine ndinkachita dzina lake ndi kuzengereza, ndipo pansi pake panali manyazi, omwe aja anapha mbewa kuuna. Mmonke wa m'nthano uja anayang'ana khoma zaka 9 mpaka kudula zikope kuti asaliphonye. Ine khoma langa ndinalithawa zaka 6.

Ndinaviika burashi. Dzanja silinanjenjemere. Ndinayamba ndi kadontho pakati pa bwalo loyeralo, n'kumakazunguliza pang'onopang'ono mpaka katakula ngati mbewu ya nyemba. Nditachotsa burashi, nkhope ija inasanduka munthu. Sindikudziwa kuti ndingazifotokoze bwanji kuposa pamenepa: mphindi yapitayo chinali chinthu, tsopano chinkandiona, nsidze yokwera ija ikufunsa ngati ndikunenetsa. Mayiwo anawerama pang'ono, kulonjera chidolecho kapena ine, sindinafunse.

Madzulo ake tinakwera masitepe aatali amiyala opita ku Shorinzan. Pabwalo la kachisiyu ndi pamene pamachitika msika wa madaruma pa 6 ndi 7 Januwale chaka chilichonse, anthu kugula usiku wonse m'chisanu choopsa. Tsiku limenelo kunali zii. Mnzanga anandilozera kanyumba kakang'ono kotchedwa Senshintei, momwe katswiri wa zomangamanga wa ku Germany, Bruno Taut, anakhala kuyambira 1934 mpaka 1936 atathawa ulamuliro wa chipani cha Nazi. Munthu amene anamanga nyumba za mabanja zikwizikwi ku Berlin anadzakhala m'tizipinda tiwiri ta eni ake, pa phiri la zidole zodzuka. Ndinaima pakhomopo kanthawi, koma chimene chinandigwira kwambiri chinali kutsogolo, pa khonde la kachisi wamkulu.

Panali mulu wa madaruma obwezedwa, ounjikana mpaka kupitirira msinkhu wa munthu. Daruma sasungidwa mpaka kalekale. Chaka chikatha umamubweza kukachisi, umathokoza, ndipo mu Januwale ansembe amawatentha onse pamodzi ndi mapemphero, iwe n'kugula wina. Ndinayandikira kuti ndiwaone bwino. Ambiri anali ndi maso awiri. Koma apa ndi apo, pakati pa anzawo, panali a diso limodzi: wina wolembedwa dzina la sukulu, wina dzina la sitolo, wina wamng'ono wosalembedwa kanthu, wotuwa ndi fumbi la pa shelefu. Aliyense wa amenewa ndi munthu amene anafuna chinthu ndi mtima wonse chaka chathunthu, osachipeza, komabe anakwera masitepe onse aja kudzabweza chidole chake ndi manja awiri. Sanachiponye m'dzala usiku. Mnzanga anati ena amajambulabe diso lachiwiri ngakhale zisanatheke, pothokoza kuti chaka chatha ali moyo. Ndinaganiza za mwana amene analephera mayeso, atanyamula daruma wake m'chikwama pa sitima, ndipo ndinamulemekeza kuposa andale onse a pa kanema aja. Moto umene udzapsereze opambana ndi womwewo udzapsereze iye, ndipo phulusa lake palibe adzalisiyanitse.

Potsika ndinamufunsa mnzanga za masamu a mwambi wawo. Munthu akagwa kasanu ndi kawiri amadzuka kasanu ndi kawiri, nanga kachisanu ndi chitatuko kachokera kuti? Anati ena amawerengera kudzuka koyamba, kwa mwana amene sanagwepo chifukwa sanaimepo. Anangonena choncho n'kupitiriza kutsika, mphepo ija ikutikankha kumsana.

Daruma wanga anayenda m'chikwama cha m'manja, nditamukulunga mu juzi. Nditafika sindinamusiye m'tauni. Loweruka loyamba ndinakwera basi ya m'mawa kuti ndikafike kumudzi dzuwa lili paliwombo. Nditalonjerana ndi amayi ndinapempha khasu, ndinalowa m'zipupa zija, ndinalambula chisoso ndi zitosi za mbuzi. Kenako ndinakhala pa njerwa pakati pa chipinda chawo n'kuyang'ana khoma. Ndinawerenga mizere ya njerwa. Ndinaona pamene mvula inakokolola dothi, pamene chiswe chinakwera, mng'alu umodzi pa ngodya ya kum'mawa wolowa chala. Zinali zoipa, koma zinali zochepa kuposa zimene ndinkaziona m'maganizo ndikagona m'tauni. Mawa lake ndinaitana mmisiri. Anayeza ndi tepi n'kunena kuti pafunika malata 36, kuwonjezera matabwa ndi misomali, ndipo mng'aluwo akhoza kuumanga.

Madzulo ndinatulutsa chidolecho. Amayi anabwerera m'mbuyo pang'ono.

"Nanga ichi n'chiyaninso, bambo? Mwayamba kuyenda m'zitsamba kunjako?"

Ndinawafotokozera zonse, za alimi a njala, za mbozi za silika, za mayi wa zala za inki. Ndinachikankha pa mkeka, chinadzuka. Anachikankha okha, chinadzukanso, anaseka mpaka kugwira pakamwa. Kenako anachinyamula n'kuchiyang'anitsitsa pafupi ndi nyali.

"Diso linali analiiwala?"

"Ayi, amayi. Likudikira malata."

Sanayankhe. Anachitembenuza, n'kugogoda dongo la kunsi ndi chikhadabo, n'kunena kuti amene anaumba ameneyu amalidziwa dothi. Anachiika mu kabati momwe mumakhala makapu a alendo, nkhope italoza kukhomo, kumene zipupa zija zimaonekera chitseko chikakhala chotsegula.

Chaka chatha tsopano, ndipo mwa mwambo wa ku Takasaki daruma ameneyu anayenera kupsa mu Januwale. Nditawauza amayi anakana, anati pakhomo pawo satentha mlendo asanaone chimene anadzera. Mwezi uliwonse ndikalandira ndimagula malata awiri, mwezi wovuta limodzi, n'kukwera nawo basi ya m'mawa. Pano alipo 19, atsamira kuseri kwa nkhokwe pa mitengo iwiri kuti asachite dzimbiri. Ulendo wathawu ndinawapeza amayi atatsegula kabati, chidolecho chili pa miyendo, akupukuta fumbi pa diso loyera lija ndi ngodya ya chitenje chawo.